Mafunso Zana ndi Makumi Anayi

Ku Porto mvula imagwa chopendekera.
Ndakhala m'chipinda cham'mwamba pa sukulu ya zamalonda,
jekete ya mchimwene wanga Amílcar ikundilemera m'mapewa,
nsapato zanyowa mpaka m'masokosi.

Mayi wa magalasi akuti,
apa palibe yankho lolakwa, Graciete,
tingofuna kudziwa kuti ndinu munthu wotani.
Watseka chitseko. Wotchi ya pakompyuta yayamba kudya mphindi.

Funso loyamba: Ndimakonda kutsogolera anzanga.
Pansi pake timabokosi tisanu,
kuchokera pa kuvomera ndi mtima wonse
kukafika pa kukanitsitsa kwamtuwagalu.
Chala changa chaima m'malere.
Bambo anga atagwa pafupi ndi uvuni, mkono utafa,
ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Antchito atatu anandiyang'ana, ufa uli m'nsidze,
ndipo ndinati yatsani moto, buledi sadikira odwala.
Kodi ndinakonda? Palibe anandifunsa tsiku limenelo.
Ndasankha bokosi lapakati, lobisalamo amantha.

Funso la makumi atatu ndi chiwiri: Ndimapsa mtima msanga.
Kamodzi ndinagenda wogulitsa ufa ndi buku la ngongole,
linam'phonya, n'kuswa galasi la makeke.
Kamodzi pa zaka zisanu ndi zinayi.
Bokosi la kamodzi palibe.

Mnyamata wa pambali panga akungodina, tha tha tha.
Pakhonde paja anandinong'oneza kuti analipira mphunzitsi:
uzioneka wolimba mtima, koma usapitirire muyeso,
wochezeka, koma osati wolongolola.
Iye akudziwa munthu amene akufunidwa pano
ndipo wamuvala bwino, mabatani onse omanga.

Mafunso ena akubwereranso atasintha malaya.
Lija la kukonda gulu labwera ngati la kudana ndi kukhala wekha.
Akutchera abodza msampha,
koma wakodwa ndine,
amene m'mawa ndimacheza ndi Matosinhos yense pakauntala,
madzulo n'kuzimitsa foni kuti ndisamve mawu a munthu.
Onse awiriwo ndine.
Kompyuta ikufuna mmodzi.

Patatha masabata atatu anandiitananso.
Bambo Valadão ali ndi pepala la mizere yamitundumitundu,
wobiriwira wautali, wofiira wongotumphuka pang'ono.
Ameneyo ndiye ine, pa tsamba limodzi ndi theka.
Anawerenga mokweza, mwaulemu:
Wosamala. Wopirira. Sakonda kuika zinthu pachiswe.

Ndinafuna kuseka.
Nyumba ya amayi anga ili m'manja mwa banki mpaka lero
chifukwa cha uvuni watsopano umene ndinagula
chaka chimene mabekale awiri mumsewu mwathu anatseka.
Usiku wosainira ndinasanza kawiri,
m'mawa ndinasaina dzanja lisakunjenjemera.
Mwina pepalalo linamva za kusanzako.
Za siginecha silinafunse.

Sindinanene zimenezi.
Ndinaika manja patebulo, poti ndinasowa kowabisa,
ndipo iye anasiya kuwerenga.
Anayang'ana chipsera cha pamkono wanga wamanja,
chachitali ngati mzere wobiriwira uja.
Ichi n'chiyani?
Chitseko cha uvuni, ndinatero, cha m'ma folo koloko m'mawa.
Munatseka shopu tsiku limenelo?
Ayi. Linali Loweruka.

Analemba kanthu m'mphepete mwa pepala, ndi pensulo,
timalemba ting'onoting'ono, sindinathe kuwerenga chozondoka.
Kenako anabwerera ku mizere yake
n'kundifunsa kumene ndikudziona zaka zisanu zikubwerazi.

Kalata akuti ibwera mwezi wamawa.
Ndakwera sitima yobwerera kunyumba, jekete ili pamiyendo,
ndikuwerengera matumba a ufa otsala m'sitolo.
Ndi khumi ndi limodzi. Safika Lachinayi.